Lamulo Silinanene za Buluku

Arequipa, 17 Febuluwale 2019

Maigualida wanga,

"Chishalo cha njinga yamoto ya kampani ino chinayesedwa ndi akatswiri ndipo chinapezeka choyenera thupi la munthu. Wokwera akhoza kukhalapo maola khumi motsatizana osamva kupweteka kulikonse. Choncho nkoletsedwa kuchisintha, kuchidula kapena kuyalapo kanthu." Likutero pepala limene ndinasayina pa 4, ndipo pansi pake pali chidindo. Ndakukopera mawu onse kuti mtima wako ukhale m'malo. Mwamuna wako wapeza ntchito yokhala pansi.

Tsopano moni. Ine ndili bwino, kaya iwe ndi mwana wathu Nohemí? Nanga amayi, mwendo uja? Nohemí anapempha dalitso pa foni. Mulungu amudalitse, ndipo asiye kuluma zikhadabo. Ndizilemba papepala n'kujambula monga unanenera, popeza mawu umawafufuta foni ikadzaza.

Ntchito yake ndi yoperekera mankhwala a ziweto m'timasitolo takutali. Lolemba ndimakwera kumapiri, kudzera ku Callalli mpaka ku Tisco, kwa oweta nkhosa ndi alipaka, ziweto zakuno za ubweya wambiri, n'kubwerako Lachiwiri. Lachinayi ndimatsikira ku Majes, kotentha, kwa a ng'ombe zamkaka, n'kubwerako Lachisanu. Tsiku loyamba anandiphunzitsa kuti nkhupakupa ndi chiyani. Ine mwana wa ku Barinas, kuchimake kwa ng'ombe ku Venezuela! Ndinangogwedeza mutu ngati ndikumva zachilendo.

Apa umvetsetse. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndi yondiyesa. Ndikafika pa 4 Ogasiti osajomba, osachenjezedwa katatu, andipatsa kalata ya ntchito yokhazikika. Mayi amene amathandiza anthu akwathu za mapepala ku tchalitchi akuti ndi kalata imeneyo mukhoza kubwera nonse awiri, kulowera pakhomo, osati kuwoloka mtsinje mwana ali paphewa. Choncho uziwerenga nane miyezi.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa mlamu Euclides. Ugule ufa ndi mafuta tsiku lomwelo, ndalama za kwathuzo sizigona, mawa zimakhala zitatha mphamvu. Chishalo cha kavalo cha malemu bambo uzichipaka mafuta, ndipo usabwereke munthu.

Ndine mwamuna wako,
Argenis

Arequipa, 24 Malichi

Maigua,

Moni nonse. Kalata yako ndaiwerenga katatu. Ndakondwa kuti magetsi abwerera ndiponso kuti tchizi munadya asanawonongeke. Ine ndili bwino, kupatula zing'onozing'ono.

Wafunsa za chishalo cha akatswiri chija. Ola loyamba ndi mpando. Ola lachiwiri ndi thabwa. Ola lachitatu umazindikira kuti m'matako muli mafupa awiri, ndipo pofika ku Callalli umakhala utawadziwa ndi mayina omwe. Kukafika ku Tisco ndi maola asanu ndi awiri, ndipo kumapetoko msewu ndi miyala yokhayokha.

Ndinagula siponji kumsika n'kuimangirira ndi mphira. Mnzanga wa ntchito Hipólito Ccama, bambo amene wakalambira pa njingazi, ataiona anaseka mpaka kutsokomola.

"Chamo," anatero, pakuti kuno aliyense wa kwathu ndi chamo, kamnyamata, ngakhale akhale wa imvi, "matiresiwa ndi a ndani? Ukukagona panjira?"

"Ndikufuna pofewa, achimwene."

"Pofewa unasiya kwanu. Siponji imaphwa pamene pali fupa, n'kutukumuka pamene sipafunika, n'kukufinya pakati. Ufika uko miyendo ili ngati yobwereka."

Ananena zoona. Ndinatsika ku Tisco ndikugwira khoma. Kuwonjeza apo siponjiyo inaoneka pa chithunzi cha njinga chimene timatumiza ku ofesi m'mawa uliwonse, ndiye ainjiniya Zevallos, otiyang'anira, andilembera chenjezo loyamba. Kuno aliyense wokhala ndi cholembera m'thumba la malaya ndi injiniya.

Hipólito wandiphunzitsa zake. M'thumba lakumbuyo musamakhale kanthu, ngakhale chisa. Kabudula wamkati akhale wopanda msoko pokhalira. Uzisendera kutsogolo, uzisendera kumbuyo, pa mabampu uziimirira pa zopondera. Ola lililonse utsike uyendeko pang'ono. Chomalizachi ndiye chovuta, chifukwa m'njingamo muli kachipangizo kouza ofesi pamene waima ndi mphindi zimene waima. Akatswiri anati maola khumi, ndiye ukaima ainjiniya amafuna kudziwa kuti umaimira chiyani.

Kachipinda kanga kali ndi bedi, mbaula ndi msomali. Lamulungu ndimaphika arepa ziwiri, zitumbuwa zathu za chimanga zija, mwachizolowezi. Imodzi ndimadya, inayo ndimayamba ndaiyang'ana.

Nsapato za Nohemí ugule zokulirapo, kuno azidzavala ndi masokosi awiri.

Wako,
Argenis

Arequipa, 28 Epulo

Maigua wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Amayi uwauze kuti mankhwala a mwendo ndawapeza, abwera ndi munthu wa ku Socopó amene akubwerera kumudzi mwezi wamawa. Ine ndilipo.

Ndinatsala pang'ono kudana ndi munthu chifukwa cha ulemu. Ku Tisco kasitolo kamene ndimasiyako mankhwala ndi ka doña Saturnina Huamaní, mayi wamasiye, wamfupi ngati Nohemí koma mawu ake amafika kutsidya. Kumapiriko mlendo akafika amamuyalira chikopa cha nkhosa pabenchi ya dothi, ndipo salankhula naye za malonda asanakhale. Masabata oyamba ndinkakhala. Koma kuyambira mwezi watha, ndikatsika panjinga chinthu chimene sindifuna kuona ndi pokhala. Ndiye ndinkathokoza, n'kumwa msuzi wawo chiimirire, chisoti chili m'khwapa, ngati munthu waulemu kwambiri.

Lolemba lapitali sanandipatse msuzi. Anawerenga mabotolo, n'kusayina, n'kuloza khomo.

"Ndalakwa chiyani, mama?"

"Zikopa zanga zili ndi nsabwe?"

"Ayi, mama."

"Zikununkha? Kapena kwanu ku Venezuela mumakhalira golide? Kanayi konse ndakuyalira, iwe chiimire ngati wapolisi. Amene amakana kukhala m'nyumba mwanga ndi okhometsa msonkho okha."

Mayi wamkulu ungamuuze bwanji? Ndinati, "Mama, ndi msana."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundizungulira ngati akugula bulu.

"Msana suyenda chotangadza, papito, mwana wanga. Amenewa ndi matako."

Munali amuna atatu m'sitolomo, ogula mankhwala a njoka za m'mimba. Mmodzi anachita kutuluka panja kuti akaseke bwino. Doña Saturnina analowa kuchipinda n'kubwera ndi chikopa chakuda, cha ubweya wautali wothithikana, chimene ankakwerera kavalo malemu amuna awo. Anachiyala okha pachishalo cha njinga, ubweya kumwamba, n'kumanga ndi chingwe cha ubweya womwewo.

"Ubweya sufinyika ngati chisiponji chanucho, ndipo mphepo imadutsamo. Tsopano khala pansi umwe msuzi ngati munthu."

Ndinakhala, ndi mbali imodzi. Ndinafuna kulipira, anati ndikatulutsa ndalama alanda chikopacho.

Maigua, pobwerera ndinadutsa Callalli ndikuimba. Pamwamba pa phiri, pamene pamawomba mphepo yodula makutu, ndinazindikira kuti ndayenda maola anayi osaganiza za kumbuyo kwanga. Ndinaganiza za iwe. Sindikudziwa kuti chopweteka kwambiri ndi chiti.

Chikopacho ndimachibisa m'bokosi la mankhwala. Ndimajambula njinga ili yosavala, ndikatuluka m'tauni ndimaiveka.

Kalata yako yapitayi inali yaifupi. Ngati pepala lavuta lemba kuseri kwa kope lakale la Nohemí.

Argenis

Arequipa, 19 Meyi

Maigualida,

Moni. Ndamva kuti Nohemí anadwala m'mimba ndipo wachira. Mulungu amudalitse. Madzi muziwiritsa ngakhale gasi avute.

Za chishalo cha bambo ndamva. Sindikukalipa. Mwana akadwala mwana ndiye woyamba. Ndikungofunsa kuti anagula ndani, ndipo kavalo wake ndi wamsana wotani, chifukwa chishalo chimenecho chimakhula kavalo wowonda. Basi, tiisiye pomwepo.

Kuno andipatsa ulemu. Mlimi wina wa ku Majes anakondwa kuti ndinamufikitsira mankhwala ng'ombe yake isanafe, ndiye anandijambula nditakhala panjinga n'kutumiza ku ofesi ndi mawu oyamikira. A ku ofesi anachiika pakhoma, pamwamba n'kulembapo kuti wantchito wa mwezi uno. Chinakhala pamenepo masiku atatu, kenaka ainjiniya Zevallos anavala magalasi awo.

"Torrealba, chimene chikutuluka pansi pakochi ndi chiyani? Wakhalira galu?"

"Ndi nkhosa, ainjiniya."

"Unasayina kapena sunasayine?"

"Ndinasayina."

"Njinga ya kampani si bulu wa kumapiri. Makasitomala aziti chiyani?"

"Kasitomala ndi amene wajambulayo, ainjiniya."

Pamenepo ndinalakwa, pakamwa panathamanga. Chenjezo lachiwiri. Chithunzi anachisiya pakhoma, anangodula m'munsi mwake ndi lumo. Ayambanso kutiimbira pa foni nthawi iliyonse kuti tionetse njinga pomwe tili. Chenjezo lachitatu ndi khomo.

Ndinayenda sabata imodzi pa chishalo chosavala. Sindikuuza zambiri. Lachisanu ndinawerenganso pepala lija mofatsa, liwu ndi liwu, monga ankatiwerengetsera aphunzitsi a Briceño. Likuletsa kusintha chishalo, kuchidula, kuyalapo kanthu. Za buluku la munthu silikunena kalikonse.

Dzulo ndinapita kwa telala. Wadula chikopa chija pakati n'kuchisokerera m'kati mwa buluku langa la ntchito, ubweya kuloza kuthupi. Anafunsa ngati ndi za gule. Ndikayenda ndimaoneka ngati bakha, koma bakha alibe chenjezo.

Wanena kuti mng'ono wako Yelitza akukuitanira ku Bogotá, m'dziko loyandikana ndi kwathu, kuti bwana wake akufuna wina wa kukhitchini. Umuthokoze. Umuuzenso kuti mlamu wake amutsalira masabata khumi ndi limodzi.

Mwamuna wako,
Argenis

Arequipa, 23 Juni

Maigua,

Moni kwa iwe, kwa amayi ndi kwa mwana. Kuno chisanu chafika. Kumapiri madzi a m'botolo amauma ndili panjira. Ine ndili bwino ndithu.

Buluku likugwira ntchito. Ainjiniya aimba kasanu ndi kawiri mwezi uno, ndipo ulendo uliwonse ndimawaonetsa chishalo chawo chili mbee, monga anachisiyira akatswiri. Hipólito akuti ndanenepa malo amodzi ngati nyerere, ndipo wauza onse kuti akandiona ndikubwera azibisa nkhosa zazimuna. Ndimaseka nawo. Munthu akamakunyoza ndiye kuti wakuona.

Amene sanaseke ndi doña Saturnina. Anafunsa kuti chikopa chili kuti, ine n'kudzimenya kumbuyo monyadira.

"Wadula chikopa cha amuna anga."

"Pepani, mama. Ndi lamulo la ku ofesi."

"Kudulako ndi zako, ndinakupatsa. Koma unaonapo nkhosa itavala ubweya m'kati? Ubweya umakhala kunja, papito, kuti mphepo iziupeza. Kuno kozizira upulumuka. Ku Majes kwanu kotenthako uzikhala m'thukuta lako tsiku lonse ngati nyama ya m'mphika. Umalichapa?"

"Lamulungu."

"Limauma?"

Buluku la ntchito ndi limodzi, ndipo ubweya suuma tsiku limodzi m'chipinda chopanda dzuwa. Anandipatsa mafuta a nkhosa m'kachitini ndi masamba ena oti ndiziviika m'madzi otentha n'kukhalamo. Beseni ndilibe. Ndagula paudala wa makanda, wogulitsa anafunsa kuti mwana ali ndi miyezi ingati.

Zoti malamulo a pachipata cholowera m'dziko lino asintha ndamva, tonse kuno tikukamba zomwezo. Mayi wa ku tchalitchi uja akuti kwa ife amene tidzakhale ndi kalata ya ntchito khomo silinatsekeke, langochepa. Usamvere za Euclides, iye chilichonse chimene wamva pa wailesi amachiwonjezera mchere.

Walemba kuti malo a ku Bogotá akusungira mpaka pakati pa Ogasiti, ndipo kuti sungadikire kupitirira apo ndi mwana amene akuonda. Ndawerenga. Sunalembe kuti "tidikira" monga unkalembera kale, walemba kuti "ndiona". Mwina ndi kufulumira kwa dzanja. Pa 4 ndi patsogolo pa pakati pa mwezi, choncho palibe chovuta.

Lachiwiri ndinaima pamwamba pa phiri mphindi zitatu. Kunalibe munthu, kunalibe mtengo, kunalibe ngakhale mbalame. Ndinaitana dzina lako kuti ndimve ngati ndimathabe kulitchula mokweza. Ainjiniya anafunsa za mphindizo, ndinati ndimataya madzi.

Wako,
Argenis

Arequipa, 14 Julayi

Maigua,

Moni. Masabata atatu osamva kwa iwe. Ndikuti ndi magetsi. Nohemí Mulungu amudalitse, ngakhale sanapemphe.

Ine ndilipo. Kwatuluka kachithupsa pamalo posatchula, kakang'ono, ngati dzira la njiwa. Madzulo thupi limatentha pang'ono, m'mawa limazizira. Hipólito anandipeza ndikumanga bokosi ndikunjenjemera ndipo anati, "Chamo, pita kuchipatala, nkhope yako yafanana ndi kandulo." Ndinamufunsa ngati chipatala chimapereka kalata ya ntchito. Anatukwana amayi a njinga n'kundimangira bokosilo.

Tsopano ndimayenda chiimirire pa zopondera pafupifupi njira yonse, ngati mmene tinkathamangitsira ng'ombe madzi akasefukira. Mawondo ndiwo akudandaula. Buluku sindingalivule, chifukwa popanda ubweya sindingathe ngakhale kukhudza chishalo, ndipo ndi ubweyawo ukudziwa kale. Walira mvula walira matope.

Atsala masabata atatu. Maulendo asanu ndi limodzi. Yamba kufunsa mtengo wa basi yofika ku malire, ndipo mapepala a sukulu a mwana uwadinditse. Amayi usawauze za kachithupsa.

A.

Arequipa, 11 Ogasiti

Maigualida, mkazi wanga,

Moni nonse. Makalata ako awiri ndawaona pamodzi Lachinayi, pamene Hipólito anandibweretsera foni. Ndakondwa kuti muli moyo. Pepa kuti ndinakhala chete, ndipo pepa kuti pa 4 unakhala pafupi ndi foni tsiku lonse.

Ndinena mwachidule. Pa 23 Julayi m'mawa, ku Tisco, ndinakweza mwendo kuti ndikwere njinga, ndipo chotsatira chimene ndikukumbuka ndi denga la doña Saturnina. Akuti ndinagwa ngati thumba. Anadula buluku ndi lumo lometera nkhosa, ataona chimene chinali m'katimo anatulutsa amuna onse panja. Ananditsitsira kuno pa lole ya ubweya wa alipaka, nditagona chafufumimba pamwamba pa matumba. Chifikireni m'dziko lino sindinayendepo ulendo wofewa ngati umenewo.

Kuchipatala anang'amba n'kuchotsa mafinya odzaza kapu. Adokotala akuti ndikanachedwa masiku awiri zikanalowa m'magazi. Chilonda achisiya chotsegula kuti chipole kuchokera pansi, ndipo ndimapita m'mawa uliwonse kukasinthitsa thonje.

Ainjiniya Zevallos anabwera kudzandiona, ndi malalanje anayi. Bulukulo anali nalo m'pepala la pulasitiki, anachita kuligwira ndi zala ziwiri.

"Torrealba, ichi ndi chiyani?"

"Buluku, ainjiniya. Lamulo silinanene za buluku."

"Ndi zoona, silinanene. Ndiye chenjezo lachitatu palibe." Anandisisita paphewa. "Koma wajomba, ndipo chakudwalitsa ndi chovala chako, osati chishalo chathu. Njinga singadikire."

Ndinafunafuna bodza m'mawu awowo, sindinalipeze lonse. Tsiku limene ndinagwa anali atatsala masiku khumi ndi awiri kuti pa 4 pafike. Njinga anaipatsa munthu wa kwathu, wa ku Maracaibo, ndipo Hipólito akuti wagula kale siponji.

Tsopano mvera. Pita ku Bogotá. Usadikire kuti Yelitza afunse kachiwiri. Ndikudziwa kuti matikiti unagula kale, Euclides anandiuza mosafuna, ndipo wachita bwino. Amayi apite kwa achemwali ku Barinitas, nkhuku apite nazo. Nyumba mukhome, makiyi musiye kwa a Briceño, osati kwa Euclides. Nohemí umuveke juzi, kumeneko kumazizira. Nsapato zazikulu zija zigwira ntchito. Umuuze kuti bambo ake amudalitsa, ndipo kuti ntchito ya njinga inatha, osawonjezera.

Ine Hipólito wandipezera malo kwa msuweni wake, kogulitsa madzi a zipatso pamsika. Ndi ntchito ya chilili, ndiye andilandira bwino. Kalata yokhazikika kumeneko kulibe. Ukafika unditumizire keyala, ndizidziwa kumene ndikulembera. Za kuti ndani adzatsata mnzake, sindilonjeza mwezi wina uliwonse. Ndaona mmene miyezi yolonjeza imathera.

Doña Saturnina atumiza tchizi ndi uthenga wakuti ndikadzapitanso adzandiyalira zikopa ziwiri. Sindikhulupirira kuti ndidzafikakonso.

Ndine mwamuna wako,
Argenis Torrealba

Ukaona zilembo zapendama usadabwe, ndikulembera pakhoma. Lero ndi tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi osakhala pansi.